Ngongole yafafanizidwa, nanga dzina?

 Lero ndikamba nkhani ya alamu anga. Andilola kuti ndiikambe, bola ndisatchule dzina lawo ngakhale mzinda umene amakhala.

Iwowa anakwatira mchemwali wanga, ndipo akhala ku England zaka zambiri ndithu akugwira ntchito yosamalira okalamba. Zaka 4 zapitazo anandiimbira foni usiku, ine nditagona kale. Moni sanapereke. Anangoti, “Alamu, ndagwa.” Mtima unangoti phaa, ndinkayesa ndi ngozi ya pamsewu. Ndinati, “Mwagwa pati, alamu? Mwavulala?” Anaseka kuseka kopanda chimwemwe, n'kunena kuti, “Thupi lili bwinobwino. Ndagwa ndi ngongole. Boma landilemba kuti ndine bankrupt.”

Mawu amenewa tilibe ofanana nawo ndendende m'Chichewa. Timati munthu wagwa, katundu wake alanda, chuma chamuthera. Koma kumeneko bankruptcy ndi njira ya lamulo. Munthu amene ngongole zamupitirira msinkhu amavomera pamaso pa boma kuti sangathenso kubweza, boma limatenga zimene ali nazo zogulitsika n'kugawira amene anamukongoza, kenako zotsalazo amazifafaniza. Ku England ndi ku Wales, kuyambira mu 2016 munthu wofuna kudzipereka yekha sapitanso kukhoti, amalemba fomu pa intaneti. Koma taonani zodabwitsa: kuti uuze boma kuti ulibe ndalama, uyenera kulipira mapaundi 680. Amalola kulipira pang'onopang'ono, ndipo alamu anawasonkhanitsa miyezi itatu.

Musaganize kuti anali munthu wa mowa kapena wa juga. Anali ndi galimoto ya pangongole yopitira kuntchito, makhadi awiri a ngongole, ndi nyumba imene ankamanga kumudzi, imene inali itafika pa mawindo. Kenako kunagwa maliro a m'bale wawo ku England komweko, ndipo inu amene munanyamulapo thupi pa ndege kuchokera kunja mukudziwa mtengo wake. Mu 2020 mliri wa Covid unatseka mahotela, mchemwali wanga ntchito inatha. Kuyambira pamenepo alamu ankakumba dzenje latsopano pofuna dothi lokwirira dzenje lakale. Khadi iyi kulipira iyo, iyo kulipira lendi. Ndipo mwezi uliwonse ndalama zopita kwa amayi awo kumudzi sizinkalephereka, chifukwa ndani angauze mayi ake kuti ku Ulaya kulinso umphawi?

Tsono chimene ndikufuna tikhalepo lero si kugwako ayi, koma zimene zimabwera pambuyo pake. Pali nthawi ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi miyezi 12. Ikatha miyezi imeneyi, ngati munthu wakhala akumvera ndiponso kunena zoona kwa mkulu wa boma amene akuyendetsa nkhani yake, amene amamutcha official receiver, amamasulidwa. Ngongole zambiri zimathera pomwepo. Osati zonse: chindapusa cha kukhoti, ndalama zothandizira mwana ndi ngongole ya sukulu ya ukachenjede zimatsala. Ndiponso amene malipiro ake amatsalako akagula zofunika panyumba akhoza kulamulidwa kuti azipereka kenakake mwezi ndi mwezi kwa zaka 3. Komabe pa miyezi 12 munthu amapuma, mafoni oopseza aja amasiya.

Nthawi yachiwiri ndi zaka 6. Kumeneko kuli makampani atatu akuluakulu osunga mbiri ya ngongole za anthu: Experian, Equifax ndi TransUnion. Banki iliyonse, kampani ya foni, ngakhale ma ejenti a nyumba za lendi, asanakukhulupirire amayamba ayang'ana zimene zalembedwa za iwe. Mawu akuti bankruptcy amakhala m'mabuku amenewo zaka 6 kuchokera tsiku limene unalembedwa. Ndiye kuti pali zaka 5 zathunthu zimene munthu alibe ngongole, koma dzina lake likadali lakuda. Mwa kuona kwanga, m'zaka 5 zimenezi ndi mmene anthu ambiri amagweranso kachiwiri, ndipo chimawagwetsa ndi phuma.

Chaka choyamba chija sichivuta kumvetsa, chifukwa lamulo limakugwira dzanja. Sungakongole mapaundi opitirira 500 osamuuza wokukongozayo kuti ndiwe bankrupt, ndipo kubisa ndi mlandu. Sungakhale dairekitala wa kampani popanda chilolezo cha khoti. Akaunti ya alamu inatsekedwa tsiku lotsatira, ndipo anakatsegula ina imene amaitcha basic account, yongolandirira malipiro ndi kulipirira mabilu, yosalola kutapa ndalama zimene mulibe. Anandiuza kuti anachita manyazi pa kauntala, mtsikana wamng'ono ngati mwana wawo akuwafotokozera mwaulemu kuti akaunti imene ikuwayenera ndi imeneyo. Lero amati akaunti imeneyo ndiyo inawaphunzitsa kuwerenga ndalama, chifukwa zikatha zatha, palibe kumbuyo.

Chimene chinawasowetsa tulo chaka chimenecho sichinali banki. Inali ngongole ya mapaundi 800 imene anatenga kwa bambo wina wa kumpingo, Mmalawi mnzawo, nthawi ya maliro ija. Ife kwathu kuno timadziwa kusiyanitsa. Ngongole ya ku banki ndi ya pepala, ya m'bale ndi ya pamaso, udzakumana naye pa ukwati ndi pa maliro. Alamu ankafuna kuti ayambe abweza imeneyo mwakachetechete asanadzipereke. Mlangizi wa za ngongole amene anakamufunsa nzeru anawaletsa. Lamulo la kumeneko silidziwa zoti uyu ndi mkulu wa mpingo, uyu ndi kampani. Onse amene anakukongoza amaima pamzere umodzi, ndipo ukakondera mmodzi chifukwa ndi mnzako kapena m'bale wako, woyendetsa nkhani yako akhoza kukalanda ndalamazo kwa iyeyo. Tangoganizani, bambo wachifundo uja kulandira kalata ya boma yoti abweze ndalama zimene zinali zake zomwe. Alamu anachita chinthu chimene ndimachilemekeza mpaka lero. Anapita kunyumba kwa bamboyo, anakhala pansi, n'kuwauza zonse. “Achimwene, dzina lanu ndalilemba pa mndandanda wa anthu amene ndili nawo ngongole. Lamulo lidzati yatha, koma kwa ine siinathe. Akadzandimasula ndidzayamba kukubwezerani.” Ndipo atamasulidwa ankapereka mapaundi 40 pamwezi mwa kufuna kwawo mpaka inatha. Ndalama zimenezo sizinalembedwe ku Experian, sizinawonjezere kalikonse pa mbiri yawo ya ku banki. Koma tsiku limene anafuna munthu wowaikira umboni kwa landilodi watsopano, anasaina ndi bambo omwe aja.

Tsopano tibwere ku mabuku aja. Chinthu choyamba chimene alamu anachita atamasulidwa chinali kuitanitsa mbiri yawo ku makampani onse atatu. Ndi ufulu wa munthu aliyense ndipo salipiritsa. Ndikuti onse atatu chifukwa salemba zofanana, banki ina imauza uyu osauza uyo. Anasindikiza mapepalawo n'kuwayala patebulo, iwo ndi mchemwali wanga, cholembera chofiira m'manja. Anapeza ngongole ziwiri zikuonekabe ngati zamoyo, ngati akungozemba kulipira mwezi ndi mwezi. Pa ina wokongoza uja analemba kuti alamu analephera kulipira pa deti la miyezi 9 pambuyo pa bankruptcy. Zikuoneka zazing'ono, koma cholakwa chilichonse chimakhala m'buku zaka 6 kuchokera pa deti lake, choncho deti lolakwikalo likanawonjezera miyezi 9 pa chilango chawo. Ngongole imene inalowa mu bankruptcy siyenera kukhala ndi deti lopitirira tsiku la bankruptcy yo. Analemba makalata, anatumiza umboni woti anamasulidwa, anadikira, analembanso. Zinatenga miyezi, koma zinakonzedwa. Ntchito yotopetsa, yopanda ulemerero, koma palibe wina amene akanawachitira.

Patebulo pomwepo anapezanso kuti dzina la mchemwali wanga lamangidwa ku dzina lawo chifukwa cha akaunti imene anatsegulira limodzi kalekale. Ukwati paokha sumanga mbiri za anthu awiri, chimamanga ndi akaunti kapena ngongole ya onse awiri. Ndiye amayi amene simunakongolepo kanthu koma banki ikukukanani, kayang'aneni pamenepo.

Chachiwiri ndi chimene chinandidabwitsa ine. Anakalembetsa m'kaundula wa ovota. Munganene kuti kuvota kukukhudzana bwanji ndi ngongole? Mabanki a kumeneko amagwiritsa ntchito kaundula ameneyu potsimikiza kuti munthuyo alipodi ndipo amakhaladi pa adiresi imene watchula. Abale athu ambiri sadziwa kuti Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi maiko a Commonwealth, ndipo nzika ya Commonwealth imene ili ndi chilolezo chokhala ku Britain imaloledwa kulembetsa ndi kuvota. Alamu anakhala zaka zonsezo akuyesa kuti zimenezo ndi za eni dziko. Kulembetsako ndi kwaulere ndipo kumatenga mphindi zochepa pa foni.

Kenako panabwera funso lalikulu: kodi munthu amene wapsa ndi ngongole ayambenso kukongola? Ine poyamba ndinawauza kuti, “Alamu, musadzagwirenso khadi moyo wanu wonse.” Ndinkalankhula ngati munthu wa kuno, kumene ukhoza kumanga nyumba njerwa imodziimodzi zaka khumi osaponda ku banki. Kumeneko sizili choncho. Munthu wosakongola konse alibe mbiri, ndipo wopanda mbiri samukhulupirira. Zaka 6 zikadzatha bankruptcy idzafufutika, koma ngati m'bukumo mulibe china chilichonse chabwino, banki idzangoona tsamba loyera, ngati munthu wangotsika ndege dzulo. Choncho patapita miyezi ingapo atamasulidwa anatenga kakhadi kamodzi ka anthu a mbiri yoipa, kololeza mapaundi 200 okha, ka chiwongoladzanja choposa 30 peresenti pachaka. Chiwongoladzanja chimenecho n'choopsa, koma chimaluma munthu amene wasiya ngongole kuti igone mpaka mwezi wina. Alamu ankagulira petulo basi, kamodzi pamwezi, ndipo anauza banki kuti izidula yokha ndalama zonse tsiku la malipiro likangodutsa. Kakhadiko sikayenda m'thumba. Kamakhala m'kabati, mu chitini cha tiyi, ndipo kamatuluka tsiku la petulo lokha.

Ena amafulumira pamenepa. Akakanidwa ku banki iyi amathamangira ku inayo, tsiku lomwelo afunsira malo asanu. Pempho lililonse lenileni limasiya chidindo m'buku, ndipo wokongoza akaona zidindo zambiri zoyandikana amadziwa kuti munthuyu madzi afika m'khosi. Pali njira yoti uyambe wayeza ngati angakulole popanda kusiya chidindo chooneka kwa ena, ndipo ndiyo yoyenera kuyambira. Ukakanidwa, khala pansi miyezi ingapo.

Ndipo musayese kuti munthu wogwa amasowa omukongoza. Ayi ndithu, amachuluka. Dzina la munthu wa bankrupt limalembedwa m'kaundula wa boma amene aliyense angathe kumuona pa intaneti, mpaka miyezi itatu atamasulidwa, komanso m'nyuzipepala ya boma yotchedwa The Gazette. Alamu anayamba kulandira makalata ndi mauthenga okoma: galimoto lero lomwe, sitiyang'ana mbiri yanu, tikukonzerani dzina lanu m'masiku 30. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palibe kampani imene ingafufute chinthu choona m'buku la ngongole, ndipo chabodza ukhoza kuchifufutitsa wekha osalipira. Za tingongole ta masiku ochepa, bungwe loyang'anira za ndalama la FCA linaika malire mu 2015 kuti chiwongoladzanja chisapitirire 0.8 peresenti patsiku, ndiponso kuti munthu asabweze zoposa kawiri zimene anatenga. Tamverani bwino: kubweza kawiri ndiwo malire a chifundo. Ndiponso ena okongoza ndalama za nyumba akaona tingongole totere m'buku lako amabwerera m'mbuyo, ngakhale unabweza pa nthawi yake.

Katapila nayenso anakwera ndege. Alipo pakati pa abale athu kumeneko, amalankhula chilankhulo chathu, amadya nafe nsima pa zikondwerero za 6 July. Safunsa za Experian, amangofuna pasipoti kapena khadi yako ya ku banki ngati chikole, ndipo amadziwa kwanu kumudzi. Makamaka inu amene munapita kuyambira mu 2022 pa ziphaso za ntchito yosamalira odwala ndi okalamba, ena mutagulitsa munda kuti mulipire ejenti, mverani izi. Kukongoza ndalama ngati bizinesi popanda chilolezo cha FCA ndi mlandu wa wokongozayo, osati wa inu wokongola, ndipo ku England kuli gulu la boma lotchedwa Illegal Money Lending Team limene ntchito yake ndi yomweyo. Uphungu wa za ngongole umapezeka kwaulere ku StepChange, National Debtline ndi Citizens Advice. Kumeneko adzakuuzaninso ngati bankruptcy ndiyo njira yokuyenerani, chifukwa pali ina yopepukirapo yotchedwa Debt Relief Order ya anthu opeza zochepa ndi opanda katundu, imene kuyambira mu 2024 salipiritsa. Amene mukuganiza zodzapempha unzika, funsaninso wodziwa za malamulo olowera m'dziko, popeza mmene munthu wayendetsera ndalama zake ndi chimodzi mwa zimene amaziyang'ana. Ndipo amene muli ku Scotland, malamulo anu ndi osiyana ndi amene ndikukambawa.

Koma pa zonsezi, chimene chinawavuta alamu koposa sichinali pepala lililonse. Inali foni yopita kwa amayi awo. Pamene ankalemba ndalama zolowa ndi zotuluka pamaso pa mlangizi uja, anafika pa mzere wa ndalama zopita kumudzi. Mlangiziyo anafunsa mofatsa kuti, kodi amayi anu akudziwa kuti ndalama zimene akulandirazi ndi za ngongole? Alamu anangoti chete. Zaka zonsezo kumudzi ankadziwika kuti ndi mwana amene zake zinayenda. Feteleza, fizi ya adzukulu, malata a tchalitchi, aliyense ankangoti tiimbire ku UK. Ndipo ine pano ndisanamizire kuyera, nanenso ndinapemphapo foni yatsopano, osafunsa kuti ichokera pati.

Anaimba Lamlungu masana. Mchemwali wanga ndiye anandiuza mmene zinayendera, chifukwa anali pambali pawo. Anati, “Amayi, ndili ndi nkhani. Ndalama zimene ndakhala ndikutumiza zija, zina sizinali zanga. Ndinkakongola. Panopa zandivuta, ndipo kwa kanthawi ndizitumiza zochepa.” Kumbali inayo kunali zii, mpaka anayesa kuti foni yaduka. Kenako gogoyo anati, “Mwananga, ndiye unkadya?” Sanafunse za nyumba, sanafunse za feteleza. Alamu, bambo wa ana atatu, analira ngati mwana.

Ndikukhulupirira kuti popanda foni imeneyo, zina zonse zija zikanapita pachabe. Munthu akhoza kukonza madeti, kulembetsa m'kaundula, kusunga khadi mu chitini, koma ngati kumudzi akumuonabe ngati banki, uthenga umodzi wa pa WhatsApp wakuti kuno zavuta udzamubwezera kwa katapila. Lero alamu amatumiza ndalama yodziwika, pa tsiku lodziwika, yochokera m'malipiro. Za mwadzidzidzi ali ndi kathumba kake kamene amaikamo pang'ono mwezi uliwonse, ndipo analowa m'gulu la Amalawi anzawo losonkherana za maliro. Kathumba kakatha amanena kuti katha. Ena anakhumudwa, msuweni wina mpaka anasiya kuwapatsa moni. Dziko silinathe.

Inu omvera muli kuno kwathu musati izi ndi za ku Ulaya zokha. Nafenso tili ndi lamulo la mabungwe osunga mbiri ya ngongole la mu 2010, ndipo makampani ngati Credit Data CRB amagwira ntchito ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi. Tili ndi lamulo la anthu ndi makampani olephera kubweza ngongole la mu 2016. Masiku othawa ngongole ku banki iyi n'kukatsegula akaunti kutsidya kwa msewu akupita kumapeto. Ndipo banki m'khonde inali ndi buku lake kalekale, losalembedwa: amayi a pagulu amadziwa amene amabweza ndi amene amadwala tsiku la msonkhano.

Sabata yatha ndinalankhula nawo alamu. Kwatsala zaka 2 kuti mawu akuti bankruptcy aja afufutike. Akulakalaka kudzagula nyumba kumeneko, ndipo akudziwa kale kuti ngakhale zaka 6 zitatha, okongoza ena amafunsa pa fomu kuti, kodi munakhalapo bankrupt pa moyo wanu? Ati adzayankha kuti inde, chifukwa kunama pa fomu yotero ndi chinyengo, ndiye akusunga ndalama zoyambira zochulukirapo kuti inde ameneyo asadzawalemere kwambiri. Anandiuzanso kuti a khadi aja awalembera kalata yowauza kuti, poti amalipira bwino, awakwezera malire kufika pa mapaundi 1,500. Ndinafunsa kuti, “Ndiye mwatani nayo, alamu?” Anati kalatayo aiika mu chitini cha tiyi momwemo, pansi pa khadi, ndipo petulo akugulabe kamodzi pamwezi. Nyumba ya kumudzi ija ikadali pa mawindo. Amayi awo adzalamo maungu, ndipo akuti chaka chino abereka bwino.